Funso la nambala 214

## Kope lachikuto chofiira

Kope lija ndikadali nalo. Chikuto chake chinali chofiira koma pano chinafwifwa, ndipo ngodya ina inadyedwa ndi makoswe. M'kati muli mafunso 380 amene ndinalemba ndi dzanja langa m'chaka cha 1998, ndili Fomu 3 pa sekondale ina muno mu Zomba. Funso kumanzere, yankho kumanja, pakati mzere wojambula ndi rula.

Amene munaphunzira zaka zimenezo mukudziwa mmene kwizi inkalemekezekera. Sukulu ziwiri zikakumana, holo inkadzaza mpaka ena kumasuzumira pa mawindo. Timu yathu inali ya anthu anayi, aliyense ndi munda wake. Wina sayansi, wina masamu, wina Baibulo ndi galamala. Ine anandipatsa zotsala zonse: mbiri yakale, mapiri ndi mitsinje, oimba, olemba mabuku ndi zamasewero. Aphunzitsi athu ankanditchula kuti nkhokwe, ndipo dzinalo ndinkalinyadira kwambiri.

Ndinkatola paliponse. Nyuzipepala yokulungira bonya ku msika waukulu ndinkayamba ndaiwongola ndi kuiwerenga, fungo lili guu. Usiku ndinkagona ndi wailesi ya bambo pakhutu, kusakasaka BBC pakati pa phokoso. Ndikamva chinthu chokhala ndi chaka kapena nambala, m'mawa mwake chinkalowa m'kope. Likulu la Mongolia, Ulaanbaatar. Kilimanjaro, mamita 5,895. Sapitwa, 3,002. Munthu wakuda woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba, Wole Soyinka, 1986. Bob Marley anamwalira 1981. Wopeka nyimbo ya fuko lathu, Michael Sauka. Zaka zimene Flames inatenga chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa, 1978, 1979 ndi 1988. Mukanandidzutsa pakati pa usiku ndikanakulakatulirani zonsezi osaphonya.

## Lachinayi, pa mbaula

Munali mu July, kuzizira kwa Zomba kuli pakolo, nkhungu itatsika m'phiri mpaka kuphimba mitengo ya ku Chinamwali kumene tinkakhala. Mpira wa dziko lonse unali utangotha kumene. France inali itagonjetsa Brazil 3-0, zigoli ziwiri za mutu zochinya Zidane, ndipo funso lake ndinali nditalilemba kale.

Masiku amenewo tinali ndi agogo aamuna pakhomo, bambo awo a mayi anga. Anachokera kumudzi, kufupi ndi Jali, chifukwa miyendo inkawatupa ndipo ankafunika kumaonana ndi adokotala kawirikawiri. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ankakhala pa mpando wandalema atavala jekete lakuda, bulangete pamaondo, manja atawatambasulira pa mbaula. Tonse tinkadziwa kuti anapitako kunkhondo, monga mmene umadziwira kuti munthu ali ndi chipsera pamsana. Umangodziwa, sufunsa.

Mpikisano unali Loweruka. Lachinayi madzulo magetsi anazima, ndiye tonse tinasonkhana pa khonde la kuseri, pafupi ndi moto. Amayi ankasankha mpunga m'lichero. Msuweni wanga anagwira kope langa pafupi ndi nyali n'kumandifunsa mwaliwiro, ine kumayankha asanamalize n'komwe.

"Nambala 213. Dzina lakale la Sri Lanka?"

"Ceylon."

"Nambala 214. Dziko la Burma pano limatchedwa chiyani?"

"Myanmar, kuyambira 1989."

Mpando wandalema unalira. Agogo anadzutsa mutu.

"Mwati kuti, ana inu?"

"Burma, agogo. Ndi dziko lina la ku Asia."

"Ndinafikako ine kumeneko," anatero. "Ndi kwinako mwayamba kutchulako. Tinakhalako miyezi yambiri."

Kenaka anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, maso ali pa makala. Anati analembedwa usilikali konkuno ku Zomba, m'gulu la King's African Rifles (KAR), limene iwo ankalitchula kuti Keyala. Anati azungu owalamulira ankalankhula Chinyanja chopotoka, koma chomveka. Anawatengera ku Kenya, ndipo ku Mombasa anakwera sitima ya pamadzi. Munthu wokulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, imene umapalasa bwato ndi nsungwi yogunda pansi, anakhala masiku ambirimbiri osaona mtunda. Anati anzawo ankasanza mpaka kulira mayi wawo.

Za ku Burma anayamba ndi mvula. Anati mvula yake siikhala ngati ya kuno yoti igwa n'kukata. Imagwa usana ndi usiku, nsapato osauma, khungu la kumapazi kumasendeka ngati la mbatata yophika. Misundu inkalowa mpaka m'kati mwa masokosi, ndipo ankaichotsa poiotcha ndi ndudu. Tsiku lililonse ankawamwetsa kapilisi kachikasu ka malungo pamaso pa sajeni. Magalimoto ankatitimira m'matope, motero chakudya chinkachita kugwa kuchokera mu ndege, ndipo thumba likagwera kutali ankagona ndi njala. Anatchula malo awiri, Kalewa ndi Chindwin. Anawatchula mokoka, ngati maina a kwathu konkuno.

Msuweni wanga anandigunda ndi chigongono. Tonse awiri tinaganiza chimodzimodzi, kuti ukalamba wayamba kuwasakanizira midzi ya kwawo ndi maiko akunja. Kalewa? Limamveka ngati dzina la mfumu ya kuseri kwa Thondwe. Tinabisa kuseka.

Agogo sanaone. Mawu awo anali atatsika.

"Ndinali ndi mnzanga wa ku Mulanje. Tinkadya mbale imodzi kuchokera ku Kenya komwe. Tsiku lina tinafika pa kamtsinje kodzaza, madzi ofika m'khosi, mfuti titasenza pamutu. Iye anatsogola. Tsono mnzanga uja atafika pakati pa madzi..."

Ndi pamenepo pamene ndinawadula. Ndikukumbukira mawu anga onse, ndipo ndinawalankhula mwaulemu, n'chifukwa chake palibe anandikalipira.

"Agogo, pepani, funsoli likungofuna dzina latsopano basi. Tatsala ndi mafunso ambiri, ndipo mpikisano ndi mkuja."

Anakhala chete pang'ono. Anatembenuza manja pa mbaula, kuwotha kuseri kwake.

"Eya, zoona," anatero. "Pitirizani sukulu, ana inu."

Lichero la amayi linali litasiya kulira. Anakhala kanthawi dzanja lili mu mpunga, kenaka anadzuka n'kulowa kukhitchini. Msuweni wanga anawerenga nambala 215, mtsinje wautali kuposa yonse mu Africa. Ndinayankha kuti Nile.

## Tinapambana

Loweruka tinapambana. Funso lomaliza linali la munthu amene anapambana mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Olimpiki ku Rome mu 1960 ali wosavala nsapato. Ndinati Abebe Bikila wa ku Ethiopia, holo yonse inaphulika. Za Burma sanafunse.

Nditafika kunyumba ndi dikishonale imene anatipatsa, agogo anaigwira ndi manja awiri, n'kuiyeza kulemera kwake ngati nkhuku ya pa msika. Kenaka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa K5 yopindapinda. "Wagwira ntchito, mdzukulu wanga." Mu August anabwerera kumudzi. Anamwalira mu February chaka chotsatira, mvula ili pakati.

## Kalewa alipodi

Zaka zinayi zinadutsa. Ndinali ku Chancellor College, m'laibulale, kufufuza za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pokonzekera mayeso. Ndinatsegula buku lina pa mapu a Burma, ndipo chala changa chinagwera pa mtsinje waukulu wotsika kuchokera kumpoto kukathira mu Irrawaddy. Chindwin. M'mbali mwake, kadontho kakang'ono. Kalewa.

Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinawerenga mutu wonsewo nditaimirira.

Zonse zinali momwemo. Gulu lalikulu la asilikali a kummawa kwa Africa, lotchedwa 11th East African Division, linasonkhanitsa anyamata a ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Linakaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon. Mu 1944, asilikali a Japan atagonja ku Imphal ndi ku Kohima m'dziko la India n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, gulu limeneli ndi limene linatumidwa kuwalondola kudzera m'chigwa cha Kabaw, m'nyengo ya mvula yeniyeni, nthawi imene ankhondo ambiri ankaima kaye. Chigwacho chinali chotchuka ndi malungo ndi matenda ena a m'tchire. Misewu inasanduka phala, ndipo chakudya chinkaponyedwadi kuchokera mu ndege. Kumayambiriro kwa December 1944 anafika pa Kalewa, ndipo pamenepo panamangidwa mlatho woyandama wa mamita pafupifupi 350 woolokera Chindwin.

Agogo sanasakanize kalikonse. Munthu amene sukulu anailekeza asanadziwe kulemba kalata anandipatsa maina enieni, m'ndondomeko yake, patapita zaka 54. Ine amene ndinkadziwa likulu la Mongolia ndi amene ndinaseka.

Tchuthi chitafika ndinawauza amayi zimene ndinapeza. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka ananena chinthu chimene mpaka lero chimandilasa. Sanachinene mondidzudzula, anangochinena.

"Ukudziwa, mwanawe, ine ndinabadwa ndi kukula m'nyumba mwa bambo aja. Mvula ikamagwa usiku ankadzuka n'kukhala tsonga mpaka kucha. Amayi anga ankati tisawafunse. Tsiku lija pa khonde ndi limene ndinawamva koyamba akutchula za kunkhondo. Ndinkadikira kuti ndimve za mnzawoyo."

Choncho si ine ndekha amene ndinatayapo. Ndinawalanda amayi anga nkhani ya bambo awo, imene anaidikira zaka zoposa makumi anayi.

## Zimene zinali pakhomo pomwe

Kuyambira pamenepo maina anayamba kundilankhula. Ndinali nditakhala ndikumva za timu ya Moyale Barracks pa wailesi kuyambira ndili mwana, osadzifunsa kuti dzina limeneli linafika bwanji ku Mzuzu. Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a kuno analimbana ndi ankhondo a Italy mu 1940. Cobbe Barracks, kwawo kwa Red Lions, kumene ndinkadutsa pafupifupi sabata iliyonse, inatenga dzina la Alexander Cobbe, amene anamenya nkhondo ndi asilikali a kuno ku Somaliland mu 1902. Anzathu a ku Zambia ali ndi Kalewa Barracks ku Ndola ndi Chindwin Barracks ku Kabwe. Maina amene ine ndinawayesa zobwebweta za nkhalamba, tsidya linalo analembedwa pa zipata.

Nanga chipilala cha asilikali chija chili m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, chokhala ndi wotchi pamwamba? Ndinkachiona pa windo la minibasi ngati chizindikiro choti tatsala pang'ono kufika m'tauni. Ndinali ndisanatsikepo kuti ndikawerenge zolembedwa pamenepo. Ngakhale beni amene tinkaonera ku Songani, amuna atavala ngati asilikali, mamendulo pachifuwa, wina akuimba wenzulo, anachokera ku perete ndi bandi ya ankhondo omwewo.

Ndinabwerera ku kope langa n'kuwerenga bwinobwino. Mwa mafunso 380, okhudza Malawi anali 31. Okhudza Zomba anali awiri okha: chaka chimene likulu linasamukira ku Lilongwe, 1975, ndi dzina la nyanja yopanda mtsinje wotulukamo. Ndinali ndi Soyinka, koma munalibe Jack Mapanje, amene anamangidwa mu 1987 pa Gymkhana Club m'tauni mwathu momwemu, n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Munalibe Napolo wa mu December 1946, amene anatsika m'phiri ndi madzi, miyala ndi mitengo n'kukokolola milatho ya m'tauni, ngakhale Steve Chimombo anamulembera ndakatulo ali pa Chancellor pompa. Agogo ayenera kuti anali atangobwerako kunkhondo pamene Napolo ankadutsa. Nazonso sindinawafunse.

Palibe anandiletsa kulemba zimenezi. Ndinkangoona ngati chinthu chimene agogo ako akuchidziwa sichingakhale chidziwitso. Chidziwitso chinkayenera kuchokera kutali, m'Chingerezi, chosindikizidwa.

## Kwizi sindinaide

Ndisanamizire apa. Kwizi ndimaikondabe, ndipo ndimakwiya ndikamva anthu akunena kuti ndi kuloweza kopanda phindu. Kwa mwana wa ku Chinamwali amene anali asanafikeko ndi ku Lilongwe komwe, kope lija linali windo. Popanda funso la nambala 213 ndi 214, agogo sakanatsegula pakamwa tsiku limene lija. Mafunso omwewo ndi amene anagogoda pa chitseko chimene banja lonse linkaopa kuchikhudza.

Vuto lake ndi khutu limene kwizi imakupatsa. Imakuphunzitsa kumvetsera mpaka pamene yankho latulukira, kenaka kutseka. Mphindi ndi zochepa, belu likudikira, ndipo mawu alionse opitirira yankho ndi otaya nthawi. Khutu limenelo ndi labwino mu holo. Ine ndinapita nalo pa khonde.

China chimene ndaona n'chakuti mayankho a m'kope aja akukalamba. Pa likulu la Myanmar ndinalemba Yangon, koma boma linasamukira ku Naypyidaw. Calcutta inakhala Kolkata mu 2001. Swaziland inakhala Eswatini mu 2018. Ndinalemba kuti maiko a mu Africa alipo 53, ndipo South Sudan itabadwa mu 2011 anakhala 54. Pluto anachotsedwa pa mndandanda wa mapulaneti mu 2006. Tsamba lililonse lili ndi yankho limene lero lingandigwetse. Koma misundu ya m'masokosi ija, ndi kapilisi kachikasu, ndi mbale imodzi ya anthu awiri, palibe boma limene lidzazisinthe dzina.

Pano ndine mphunzitsi, ndipo ndimayang'anira kalabu ya kwizi pa sukulu yathu. Ana anga amaloweza malikulu a maiko monga ndinkachitira ine, ndipo sindiwachitira chifundo pamenepo. Koma teremu iliyonse aliyense amayenera kubwera ndi mafunso asanu ochokera kwa munthu wamkulu wa kwawo, ndipo asanatiuze yankho amayamba wafotokoza zonse zimene munthuyo ananena. Mtsikana wina anabwera ndi chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, 1995, pamodzi ndi nkhani ya azakhali ake amene anayenda wapansi kupita ku chilumba cha Chisi, akuponda matope ong'aluka. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chake malo ena pamwamba pa phiri amatchedwa Emperor's View, ndipo agogo ake ankakumbukira tsiku limene Haile Selassie anabwera mu 1965, ana asukulu atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Wina anatikumbutsa kuti chimbale choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa mphoto za Grammy, mu 2016, chinaimbidwa ndi akaidi ndi owayang'anira a ku ndende yaikulu ya Zomba. Masiku oterowo belu ndimalisiya mu kabati. Nthawi zina timangomaliza mafunso atatu okha ola lonse.

## Kachitini

Amayi asanamwalire anandipatsa kachitini ka fodya kamene anakapeza m'sutikesi ya agogo. M'kati munali mendulo yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yamkuwa, itada ndi ukale. Kansalu kake kali ndi mzere wofiira pakati, ndipo m'mbali muli buluu ndi olenji. Kutsogolo kunalembedwa kuti The Burma Star. Ndinaitembenuza kufuna kuona dzina lawo. Kumbuyo n'kosalala, kulibe chilembo ngakhale chimodzi.

Ndinapita kumudzi kukafunsa ngati alipo amene anamvapo za mnzawo wa ku Mulanje uja. Mlongo wawo wa agogo, amene panthawiyo anali atasiya kuona, anangokumbukira kuti achimwene awo anabwera ndi nsapato zazikulu ndi chikhoti, ndipo kuti chaka choyamba sankafuna kuwoloka Likangala madzi akadzaza, ngakhale pamene ana ankawoloka akusewera. Dzina la mnzawoyo sanalimvepo.

Kufupi ndi Yangon kuli manda a asilikali otchedwa Taukkyan, ndipo pakati pake pali zipilala zolembedwa maina pafupifupi 27,000 a anthu amene anafera ku Burma koma manda awo sadziwika. Bungwe losamalira manda amenewa, la Commonwealth War Graves Commission, linaika maina pa intaneti. Ukalemba King's African Rifles ndi chaka cha 1944, mndandanda umatuluka: dzina, nambala, tsiku lomwalira. Ambiri ndi maina oti ukawatchula pa msika wa Chinakanaka kapena pa Chitakale wina atembenuka.

Sindikudziwa ngati mnzawo wa agogo ali pamenepo. Mwina anawoloka bwinobwino. Mwina chimene agogo ankafuna kunena n'chakuti anaterereka, iwo n'kumugwira dzanja, ndipo anabwerera limodzi n'kukakalamba akuthyola tiyi. Chiganizo chija chimatha kuthera kulikonse.

November aliyense, pa sabata imene asilikali amakaika nkhata pa chipilala chija, ndimatsegula mndandandawo usiku ana atagona. Ndimaika kachitini pa tebulo pambali pa kompyuta. Ndimayambira pamene ndinalekezera chaka chatha, n'kumawerenga maina aja mokweza, limodzilimodzi, kumvetsera ngati lina lingamveke la ku Mulanje.